Mfundo Zanga Zitatu ndi Apongozi

Lolemba

Dzina ndalembetsa. Kubwerera kulibenso.

Boma lalola kuti anthu akuda owerengeka akakhale nawo pa Bwalo la Malamulo ku Zomba. Njira yake ndi yozungulira. Loweruka lino akuluakulu a khonsolo akhala pa Balaka kumvera ofuna mpandowo, asankha mmodzi wopita ku Blantyre, ndiye ku Blantyreko akasefanso. Kuno tilipo awiri: ine, telala wa pakhonde la sitolo, ndi a Bonifesi, kalaliki wopuma ntchito, amene mpaka lero mfundo yawo ndi chipewa basi.

Ine zanga zilipo zitatu, ndipo ndazisoka bwino:

1. Chikamwini chichepe mphamvu. Mwamuna akamanga nyumba kwa mkazi, n'kulima, n'kubereka ana, aloledwe kutenga banja lake kupita nalo kwawo popanda mlandu.
2. Msonkho uzidikira thonje ligulidwe kaye. Wa njinga uthe, chifukwa njinga ndi miyendo, ndipo miyendo sinadulidwepo msonkho.
3. Munthu asagone m'ndende chifukwa cha mzere wokhota m'munda mwake momwe.

Yoyambayo ndiye ili pamtima. Kwathu ndi ku Chikweo, koma ukwati unandikokera kuno ku Rivirivi, kumudzi kwa akazi anga, make Lute. Nyumba ndinamanga ndine, mitengo ndinabzala ndine, koma kuti ndithyoleko mango ndimayamba ndayang'ana uku ndi uku ngati mbala. Kwathu ndakusowa, ndisaname.

Chachikulu n'choti apongozi anga, amene anabereka make Lute, asamve mfundo imeneyi. Mwayi wake sitiyankhulana. Chikwatirireni nkhope yawo sindinaionepo, monga mwambo ufunira. Ndimawadziwira nsalu yawo yabiriwita ndi chifuwa chawo chouma chija, kho kho. Ndikachimva panjira ndimapatukira patchire n'kunyonyomala chofulatira mpaka adutse. Zoyimirira pamaso pawo n'kumakweza mawu, zimenezo ndiye sizichitika n'komwe.

Dongosolo: tsiku lililonse ndikayankhula pagulu, kuti pofika Loweruka mfundo zanga zikhale zitafika kale m'makutu mwa akuluakulu.

Jekete ndasoka. Njinga ndapopa. Mawu alipo, ndayesa kumunda ndipo akhwangwala athawa.

Zomba, ndikubwera!

Lachiwiri

Msika wa thonje, pafupi ndi mtsinje. Anthu adzaza, aliyense ndi mtolo wake, kudikira sikelo. Gulu labwino, lokwiya kale, losafunika kulitenthetsa.

Ndikukwera pa belo la thonje. Jekete likukhala bwino. Ndikukweza dzanja.

"Abale anga…"

Kho kho.

Kutsogolo kwenikweni, pamphasa, nsalu yabiriwita.

Zimene zikuchitika kenako sindikuzilamula ine. Miyendo yanga ili ndi mwambo wake. Ndikungozindikira ndili pansi kuseri kwa belo, chonyonyomala, nkhope kuthengo, manja pamodzi.

Ndikumva wina akufunsa: "Atelala agwa?"

Wina akuyankha: "Iyayi, abwera apongozi awo."

Gulu lonse: "Ooo." Palibe wodabwa, palibe woseka. Bambo wina akuchita kuwomba m'manja mwaulemu.

Tsopano tikudikirana. Ine ndikudikira kuti apongozi anyamuke. Iwo sindikudziwa akudikira chiyani, chifukwa thonje lawo anagulitsa kale sabata yatha. Akhala phee, atulutsa fodya wawo wamphuno.

Dzuwa likuyenda. Anyamata a pasikelo akubwera kudzanyamula belo langa. Ndikuyenda chonyonyomala kupita kuseri kwa lina. Nalonso akulinyamula. Lina. Lina. Munthu wofuna mpando wa ku Zomba akuzungulira msika wonse ngati bakha. Mabelo onse akukwera lole, ndipo ndikutsala kuseri kwa sikelo, imene sikubisa ngakhale bondo limodzi.

Kalaliki wa msika akundiuza kuti ndisunthe kapena andiyeze.

Mfundo zimene anthu amva lero: palibe.
Zimene ndapeza: thonje m'matumba onse a jekete, ndi mwendo wamanzere wochita dzanzi.

A Bonifesi akudutsa panjinga, akuvula chipewa, akuchivalanso. Anthu akuti bamboyo ayankhula bwino.

Kunyumba ndikufunsa make Lute mochenjera chimene amayi awo anapitira kumsika. Akuti: "Miyendo ndi yawo." Akupitiriza kupeta.

Palibe kanthu. Mawa ndipita kutali, kumene munthu wokalamba sangafike.

Lachitatu

Phalula. Ndanyamuka nkhuku zisanatsike, mwakachetechete, njinga chokankha mpaka kudambo. Za ulendowu ndauza munthu mmodzi yekha padziko lonse, make Lute.

Mchenga, minga, tayala kuphwa, kumata, kupopa, kuphwanso. Ndikufika pa Phalula thukuta lili kamukamu, tsitsi layera ndi fumbi. Pamsewu pali amayi ogulitsa chimanga chowotcha, abambo a bawo, ndi anthu ena odikira basi imene mwina ibwera mawa.

Pansi pa mlambe pali mphasa. Pamphasapo pali nsalu yabiriwita.

Afika kalekale! Akuti anakwera lole ya thonje ija, pamwamba penipeni pa mabelo, ndipo atsika opanda fumbi ndi pang'ono pomwe. Wawauza ndani? Zodabwitsa kwambiri.

Mkulu wina wa pabawo akundimvera chisoni. Akuti kwawo mkamwini amatha kuyankhula apongozi ali pomwepo, bola afulatire ndipo mawu akhale apansipansi. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndalandira nzeruyo.

Ndikuzungulira kuseri, ndikugwada, nkhope kumlambe, msana kwa anthu. Ndikunena zonse zitatu, mwadongosolo, ndi zitsanzo zomwe. Ya njinga ija ikutuluka bwino zedi. Chikhalire sindinayankhulepo mogwira mtima chonchi. Misozi ikulengeza.

Wamva ndi mlambe wokha.

Ndikumaliza, ndikusuzumira cham'mbali. Anthu akhala duu, ena avula zipewa. Mayi wina wayika kansengwa ka ufa patsinde pa mtengowo. Akuti chaka chatha mvula inavuta, ndiye ndachita bwino kuyamba kupempha msanga.

Mphunzitsi wa katekisimu wa kuno akufuna dzina langa ndi la mpingo wanga. Akuti Mkhristu wobatizidwa sagwadira mitengo masana dzuwa likuswa mtengo. Ndikumufotokozera kuti ndimanena za msonkho. Akuti: "Ndiye mlambewo wati chiyani?"

Mfundo yanga ya lero, malinga ndi anthu a pa Phalula: mvula.

Pobwerera lole ikundipitirira pa mchenga uja. Pamwamba pali biriwita. Ndikudzigwetsera m'udzu pamodzi ndi njinga, ndipo foloko ya njingayo yapindika.

Lachinayi

Mutu umodzi susenza denga. Ndaitana achimwene anga a Zakeyu, amene ndi ankhoswe a ukwati wanga. Mwambo ndi womveka: mawu a mkamwini opita kumene kuli apongozi amadzera mwa ankhoswe. Ine ndizinong'ona, iwo azikweza. Ikatulukira mwa ankhoswe, ngakhale yoyamba ija sikhala mlandu wanga. Bwanji sindinaganize zimenezi Lolemba?

Bwalo la sukulu ya mishoni. Anthu achuluka kuposa dzulo, mbiri ya mvula yafika. Biriwita ali kutsogolo, sindikudabwanso. Tayimika mphasa pamitengo iwiri, ine kuseri, a Zakeyu poyera ndi ndodo yawo.

Chimene ndinayiwala n'choti a Zakeyu akhala akulunzanitsa mabanja moyo wawo wonse. Mawu akalowa mwa iwo ali ndi minga amatuluka atasendedwa.

Ine: chikamwini chatikwana, amuna tizipita kwathu.
Iwo: "Akuti akuthokoza kwambiri pomusunga bwino pamudzi pano, ndipo munda wa amayi wa kumtunda chaka chino aulima yekha."

Ine: iyayi achimwene, sindinatero!
Iwo: "Akuti ndi wa kudimba womwe."

Ine: msonkho uzidikira thonje.
Iwo: "Akuti za msonkho ndi nkhani za akuluakulu, iye ndi mwana, sangatsogole."

Ine: munthu asamangidwe chifukwa cha mzere wokhota.
Iwo: "Akuti ngati alipo amene anamulakwira pamudzi pano, akupepesa ndi mtima wonse."

M'manja mukuwombedwa mpaka ana akutuluka m'kalasi. Amayi ena akupukuta m'maso. Ndikukoka mwendo wa buluku la a Zakeyu pansi pa mphasa. Iwo akuuza anthu kuti ndagwidwa ndi chisoni, sindingathe kupitiriza.

Panjira ndikuwafunsa chifukwa chake. Akuyima, akundiyang'ana ngati ndine wodwala.

"Ukwatiwu ndinaumanga ndine. Ukaphwasuka, mlandu ukagona pakhomo panga. Iwe udzakhala uli ku Zomba, ine ndidzakhala ndili pabwalo."

Ndakwiya kwambiri, koma ndi achimwene, ndiye ndawanyamula panjinga yopindika foloko mpaka kwawo.

Zimene ndalonjeza lero, osadziwa:
munda wa kumtunda,
dimba,
kupepesa aliyense.

Anthu awiri afika kale pakhomo kudzalandira kupepesako. Mmodzi sindikumudziwa n'komwe, koma ndamupepesa.

Kwatsala mawa lokha. Pakufunika malo amene apongozi sangapondeko.

Lachisanu

Ndawapeza: pabwalo la mzikiti, cha ku Balaka, ikatha swala ya Juma, mapemphero aakulu a Lachisanu. Apongozi ndi Mkatolika wa kolona m'khosi, kumeneko alibe nako ntchito. Che Amidu, wogulitsa nsomba zouma amene ndimamusokera mikanjo, wandilonjeza kuti padzakhala amuna okhaokha. Make Lute sindinawauze. Ndangowapempha kuti andisitire malaya, n'kutchula kuti ndi okavala kwa Che Amidu.

Amuna akutuluka, mikanjo yoyera mbee, akukhala pamthunzi. Ndikuyang'ana kumanja, kumanzere, pansi pa mitengo, ngakhale pamwamba pa mitengo. Biriwita palibe!

Ndikuyimirira. Miyendo ikulola. Ndikupereka moni, akuyankha onse pamodzi. Ndikuyamba ndi yoyamba ija, chifukwa awanso ndi akamwini anzanga, aliyense ali kumudzi kwa mkazi.

"Abale anga, mwamuna akamanga nyumba kwa mkazi…"

Mitu ikugwedera. Maso akuwala. Wina kumbuyo akuti: "Eetu, nenani." Mtima wanga ukudumpha ndi chimwemwe. Ndiye kukoma kwake kwa kumvedwa ndi kumeneku!

Kho kho.

Ndiponso kho kho wina. Ndi wina.

Akubwera pamzere m'njira ya kuchitsime, mphasa pamutu. Apongozi anga patsogolo, kumbuyo kwawo anzawo a msinkhu wawo, Akhristu ndi Asilamu pamodzi. Awaitana kuti adzaonereko.

Che Amidu akunong'ona liwu limodzi la Chiyao: "Akwegwe." Ndiko kuti apongozi. Ake enieni ali pamzere womwewo. A uyu alipo, a uyonso alipo.

Sindinaonepo bwalo likutha msanga chonchi. Amuna akuluakulu, ena a ndevu zoyera, akumwazikira m'udzu, aliyense kufunafuna mbali yopanda apongozi ake. Wina wathawa ake n'kukagwada moyang'anizana ndi a mnzake, wabwereranso. M'udzu mukungooneka zisoti zoyera ngati bowa.

Msonkhano uli motere tsopano: woyankhula wafulatira, omvera afulatira, pakati pakhala amayi okalamba pamphasa zawo, akupatsirana fodya, akudikira kuti ziyambe.

Atsala chiyimire ndi shehe okha, amene apongozi awo anatisiya kale. Akuyang'ana uku ndi uku, akuti: "Ndiye tatha?"

Tatha, shehe.

Theka la chiganizo. Sabata yonse, theka la chiganizo. Ndipo kumene lathera, anthu akuganiza kuti ndikulimbikitsa amuna kumanga nyumba zabwino kwa akazi awo.

Loweruka

Tsiku lija ndi lero. Chisakasa cha milandu pa Balaka. Akuluakulu a khonsolo pabenchi, mzungu wa ku boma pampando wake ndi wotchi patebulo, womasulira pambali pake, mesenjala pakhomo.

Ndakonzeka ngati wopita kunkhondo. M'makutu ndatsekamo thonje. Maso ndiyang'ana kudenga kokha. Chimene sindinachione ndipo sindinachimve, mwambo sungandigwire nacho.

Ayamba a Bonifesi. Akuvula chipewa, akunena mawu angapo a Chizungu, akuti zonse zili bwino ndipo zipitirire kukhala bwino, akuvalanso chipewa. Apongozi awo anamwalira nkhondo isanayambe. Anthu ena amabadwa ndi mwayi.

Dzina langa. Ndikuyenda maso ali kudenga. Ndikuwerenga mapaso. Ndikutsegula pakamwa.

Chifuwa chija chikuboola thonje ngati singano.

Ndili pansi pa tebulo la mzungu, pafupi ndi nsapato zake.

Ndikuchotsa thonje kuti ndimve mlandu wanga. Mzungu akufunsa kumene wapita munthu wachiwiri. Womasulira akuloza pansi, akufotokoza za mwambo, akutenga nthawi. A Zakeyu akudzipereka kuti andiyankhulire, koma akukanizidwa. Lamulo likuti wofuna mpando ayankhule yekha, atayimirira, moyang'ana khonsolo.

Kenako mzungu akuwerama, nkhope yake ikubwera pansi pa tebulo. Si woipa mtima, akungofuna zithe. Womasulira nayenso akuwerama.

"Akuti nkhaniyi ndi yosavuta. Mukangovomera, mesenjala awatulutsa mayiwo kunja, inu muyankhule."



Ndi zoona, ndi yosavuta. Liwu limodzi, ndipo zonse zitatu zituluka, pamaso pa khonsolo, monga ndakhala ndikulotera. Ndikuona pakati pa miyendo ya tebulo mesenjala akusuntha kale. Ndikuonanso m'mphepete mwa mphasa, ndi mapazi awiri ang'onoang'ono otupa, ong'ambika zidendene. Kuwagwira pamkono mayi amene anabereka make Lute, kuwakoka anthu onse a pa Balaka akuona, chifukwa cha ine.

"Iyayi, asiyeni akhale."

Mawu anga okhawo amene khonsolo yamva.

Asankha a Bonifesi. Sizinatenge nthawi.

Potuluka, akuluakulu akubwera mmodzimmodzi kudzandigwira dzanja pansi pa tebulo pomwepo. Wina akuti mkamwini wotere ndi wosowa masiku ano, kumutumiza ku Zomba kukanakhala kumuwononga. Wina akufunsa ngati ndili ndi mng'ono wosakwatira.

Ndikudikira kuti onse atuluke. Mtima ukuwawa kwambiri. Wosesa akundipempha kuti ndikweze miyendo.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita, ndakhala kumbuyo. Ulaliki wake ndi wa kudzichepetsa, ndipo anthu akutembenuka kundiyang'ana ine.

Masana ndakhala pakhonde, jekete lili pamsomali. Make Lute akukhala pambali panga ndi lichero la nandolo. Akusenda, akusenda, kenako akuti amayi awo akudandaula.

Akudandaula iwo!

Akuti pamtundu pawo ponse sipanatulukepo munthu woyimirira pagulu n'kuyankhula za dziko. Atamva kuti mkamwini wawo walembetsa dzina sanagone, anauza mudzi wonse. Ayenda sabata yathunthu, mapazi atupa, kungofuna kumva mawu anga, koma kulikonse amangoona msana.

Make Lute akundifunsa: "Bwanji simunanditume kuti ndikakupemphereni? Akanakulolani tsiku loyamba lomwe."

Ndikudziwa chifukwa chimene sindinapemphere, koma sindingachinene.

Ndiye apongozi atumiza mawu: lero lokha andimasula pakamwa. Iwo akhala kuseri kwa mpanda wa udzu, ine ndiyankhule mokweza monga ndikanachitira pa Balaka.

Ndavala jekete. Ndayima pakati pa bwalo la nyumba yanga, ndayang'ana mpanda. Omvera: make Lute ndi nandolo zawo, nkhuku, ndi kho kho kuseri kwa udzu.

Ndikuyamba ndi ya msonkho. Mawu akutuluka onse, mpaka agalu a kutsidya akuyankha. Pa miyendo yosadulidwa msonkho paja, kuseri kwa mpanda kukumveka kuseka. Chikhalire sindinawamvepo akuseka.

Ndikunena ya mizere. Kuseri kukumveka nthungululu, yaitali, yonjenjemera, ya munthu wopanda mpweya wokwanira. Make Lute akundinong'oneza kuti chaka china amayi awo anaswera tsiku lonse padzuwa pabwalo la milandu chifukwa cha mzere umodzi. Ine sindimadziwa.

Ndikusiyira pomwepo.

Kuseri kukumveka manong'onong'o. Make Lute akupita kumpanda, akutchera khutu, akubwerera.

"Akuti anamva kuti mfundozi zilipo zitatu."

Ndikuyang'ana nyumba, mitengo ya mango, njira yopita ku Chikweo imene imayambira kuseri kwa khola. Ndikuyang'ana mpanda. Pansi pake pakuoneka nsonga ya biriwita, ikudikira.

"Auzeni kuti anthu amakokomeza. Zinali ziwiri."

Nthungululu inanso.

Jekete ndalipinda, ndaliyika m'bokosi. Mawa m'mawa ndiyamba ndi munda wa kumtunda.